KUMANGA MPHETE PA NDODO YOWEDZERA

Nkhani ya mlungu uno iri ya amuna aja amene, likafika Loweruka masana, amavula cisoti ca mgodi ndi majombo, nakwera njinga kunka ku mtsinje wa Kafue kapena ku damu la Mindolo, ndodo yowedzera iri pa phewa. Ambiri a iwo adziwa kusankha nyambo, adziwanso maiwe m'mene nsomba zimagona. Koma ali owerengeka amene amayang'anitsitsa timphete tija tondandalika pa ndodo, m'mene mumapita cingwe. Munthu amatiyesa zokometsera cabe, kufikira tsiku limene mlamba waukulu wameza mbedza, cingwe nkuduka popanda cifukwa cooneka, kapena ndodo imene anaigula ndi malipiro a masiku ambiri nkuthyoka pakati. Pamenepo iye amanyoza sitoro imene inamgulitsa cingweco. Koma kawiri-kawiri mlandu suli wa cingwe ai. Uli wa mphete, ndi wa munthu amene anaimanga.

Ndodo ya makolo, ya bango kapena ya nsungwi, imene cingwe cace cimamangidwa ku nsonga, siifuna mphete konse. Mphete zinadza pamodzi ndi cokulungira cingwe, cimene a m'sitoro amacicha riilo. Pakuti cingwe cikacokera pafupi ndi dzanja ciyenera kukhala ndi njira yofikira ku nsonga. Imeneyo ndiyo nchito yoyamba ya mphete, ndipo ali yense aiona. Yaciwiri iri yobisika, koma ndiyo yaikulu. Nsomba ikakoka, mphamvu yace imayenda m'cingwe, ndipo mphete iri yonse imalandirako gawo lace, nilipereka kwa ndodo pamalo pamene yamangidwa. Mphete zikakhala zokwanira ndi zotalikirana bwino, ndodo yonse imawerama ngati uta, katundu nagawanika ponse-ponse. Zikacepa, katundu yense amagwera pamalo pawiri kapena patatu, ndodo nipindika ngati cigongono, ndipo pa cigongono pomwepo ndipo imathyokera. Anthu a pansi pa mgodi safuna kuwafotokozera zambiri pa mau awa: adziwa cimene cimagwera mzati umodzi pamene mizati inzace yaikidwa patali.

Tsono coyamba ndico kusankha mphete zeni-zeni. Zabwino za masiku ano ziri ndi thupi la citsulo cosacita dzimbiri, ndipo m'kati mwace muli kamphete kena ka dothi loocha, losalala ndi lolimba koposa citsulo. Kampani ya Fuji ya ku Japan inachuka kaamba ka mphete zotere. Pa ndodo zakale za mtengo wapatali amisiri ankaikamo mwala wa agate. Munthu wosowa ndalama angathe kupinda mphete zace yekha ndi waya wosacita dzimbiri, ndipo pa ndodo ya nsungwi yogwirira nsomba zazing'ono zimagwira nchito ndithu. Koma m'dziko lino la mkuwa ciyeso ca kutola waya wa mkuwa ciri cacikulu, pakuti upezeka pali ponse ndipo upindika msanga. Kupindika msangako ndiko kuipa kwace. Cingwe cocokera m'madzi a mtsinje cimabwera ndi timcenga tosaoneka, ndipo pakupita kambiri-mbiri pamalo pamodzi cimakumba kanjira m'citsulo cofewa. Pambuyo pace kanjirako ndiko kamasanduka mpeni wodula cingwe comwe cinakakumba. Ndico cifukwa cace pa mgodi amisiri sayang'ana cingwe ca keji cokha, komanso gudumu lija la pamwamba pa shafiti limene cingwe cimayendapo. Mphete ya dothi nayonso ingathe kung'aluka ikagunda mwala, mng'alu wace nukhala wosaoneka ndi maso. Wofuna kuupeza apititsemo kathonje ka ku cipatala: ngati pali mng'alu, thonje lidzakodwa nilisiya ubweya.

Ngati ndodo iri yakale ndipo munthu afuna kucotsa mphete zofa, adule ulusi wakale ndi lezala pamwamba pa phazi la mphete, kuti lezalalo lidziyenda pa citsulo, osati pa ndodo. Ndodo za ulusi wa galasi, zimene zinafala itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndi za kaboni, zimene zinayamba kugulitsidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, zambiri ziri za mphako ngati bango, khungu lace lopyapyala. Kabala kakang'ono ka lezala kakwanira kuzipha.

Ndodo ya mphako iri ndi msana. Munthu akaimika tsinde lace pa thebulo, nagoneka nsonga pa cikhato, nakanikiza pakati ndi dzanja lina kwinaku akuigubuduza, adzamva kuti pali mbali imodzi imene ndodo imalumphira, nifuna kukhazikika pomwepo. Amisiri ambiri amalemba cizindikilo pa mbali imeneyo, nandandalika mphete motsata msanawo. Ena amati msana suli kanthu kweni-kweni, ndipo amangosankha mbali imene ndodo ioneka yoongoka koposa. Mkangano umenewu sunathe, ndipo wowedza wa pa Kafue asagone tulo tocepa kaamba ka iwo. Cofunika koposa ndico kudziwa mtundu wa cokulungira. Cija colendewera pansi pa ndodo cifuna mphete za pansi, ndipo popeza cimaturutsa cingwe mozungulira-zungulira, mphete yoyamba ikhale yaikulu, ya mamilimita 25 kapena 30, yotalikira ngati theka la mita kucokera pa cokulungira. Cija cokhala pamwamba pa ndodo cifuna mphete za pamwamba, zazing'ono koma zambiri, cifukwa ndodo ikawerama cingwe cimafuna kugona pa ndodo.

Kodi mphete zikhale zingati? Lamulo lakale la amisiri liti: pa masentimita 30 ali onse a ndodo pakhale mphete imodzi, kuonjezapo ya ku nsonga. Cotero ndodo ya mamita awiri ndi kanthu ifuna mphete zisanu ndi ziwiri, ndi ya ku nsonga. Ku nsonga, kumene ndodo iri yoonda ndi yowerama kwambiri, mphete ziyandikane. Yoyamba ikhale masentimita 10 kapena 12 kucokera ku nsonga, ndipo mpata uli wonse wotsatira udzikulirako pang'ono pakutsika ku tsinde. Koma lamuloli liri poyambira cabe, pakuti palibe ndodo ziwiri zowerama cimodzi-modzi. Ndodo yomwe ndiyo iyenera kunena pamene ifuna mphete, ndipo kafunsidwe kace ndi aka. Munthu amangirire mphete zonse mwa kanthawi ndi tepi kapena ndi timalegeni toonda, aike cokulungira, apititse cingwe m'mphete zonse, nacimange ku mwendo wa thebulo. Atatero akweze ndodo pang'ono-pang'ono monga ngati wagwira nsomba, ndipo mnzace aime pambali nayang'ane. Cingwe ciyenera kutsata uta wa ndodo monga mwana atsata amace. Pamene cacita ngodya yakuthwa pa mphete imodzi, mphete imeneyo yasenza katundu woposa. Mnzace wapafupi asendezedwe kudza kuithandiza. Pamene cingwe cakhudza ndodo, kapena cadutsa kumbali kwace, mpata wakula, ndipo mwina pafunika mphete ina. Asendeze, ayesenso, asendezenso. Kenaka aturuke panja pa bwalo, amange kacitsulo ku cingwe, naponye kangapo, akumvetsera ngati cingwe cikukwapula ndodo pakati pa cokulungira ndi mphete yoyamba. Nchito yonseyi ingathe kudya madzulo athunthu popanda kumanga ulusi ngakhale umodzi, ndipo ambiri amailumpha cifukwa sioneka ngati nchito. Koma mphete yogwidwa ndi tepi imasunthika ndi cala cimodzi, pamene yomangidwa ndi kupakidwa ifuna lezala. Malo akapezeka, alembe zizindikilo, ndipo miyesoyo aisunge m'kabuku.

Tsopano pafika pamene ndodo zambiri zimaonongekera: phazi la mphete. Mphete iri yonse iri ndi phazi limodzi kapena awiri, ndiwo timalilime ta citsulo togona pa ndodo. Pocokera ku fakitale, kawiri-kawiri nsonga ya phazi imakhala yokhuthala ngati cipupa, ndipo ulusi ukafika pa cipupaco sukwera. Umaunjikana, nulumpha, nusiya mpata. Cifukwa cace mmisiri atenge tupa, napale pamwamba pa nsongayo kufikira isanduke kamtunda kotsetsereka, kopyapyala kumapeto, kuti ulusi ukwere wosazindikira kuti wacoka pa ndodo. Koma kupala kumasiya kaminga ka citsulo kunsi kwa phazi, ndipo kamingako ndiko mdani wamkulu. Ndodo ikamawerama ndi kuongoka, kamaboola khungu pang'ono-pang'ono pansi pa ulusi, pamene palibe diso lingaone, ndipo tsiku lina ndodo imangoti thyo pa phazi peni-peni. Wowedza wa nzeru akaona ndodo yothyokera pa mphete amadziwiratu cimene cinacitika. Cotero phazi likapalidwa, kunsi kwace kusalazidwe ndi sandipepa kapena pa mwala wonolera, kufikira cala cikapitapo cisamve kanthu. Ayesenso kugoneka mphete pa ndodo: phazi ligone lonse lathunthu, losaimira cidendene kapena zala. Ngati ligwedera, alipinde pang'ono ndi pulayala.

Ulusi woyenera ndiwo wa nailoni. Cinthu cimeneci cinapangidwa koyamba ndi kampani ya DuPont ku America m'caka ca 1935, ndipo ubwino wace pa nchito iyi ndiwo wakuti cimatamuka pang'ono, cotero cimafinya phazi kosalekeza. Ulusi womangira ndodo umagulitsidwa ndi zilembo: A ndiwo woonda, woyenera ndodo zopepuka, D ndiwo wokhuthala, wa ndodo zolemera. Ukasowa, ulusi wolimba wa poliyesita wa kwa telala ungathe kulowa m'malo. Wa thonje uli ndi ubweya ndipo umaola ukanyowa. Wa osoka nsapato, uja wopakidwa phula, umakana vanishi. Za makina munthu asade nkhawa. Bokosi la katoni lodulidwa mapanda mbali ziwiri likwanira kugonekapo ndodo. Mpukutu wa ulusi auponye m'kapu kuti usagubuduzike, ndipo ulusiwo aupititse pakati pa masamba a buku; akafuna kuti ukungike koposa, asanjike buku lina pamwamba. Asambe m'manja ndi sopo asanayambe, makamaka ngati wacokera ku nchito ya girizi, pakuti mafuta a m'zala amalowa mu ulusi.

Kamangidwe kace nkotere, ndipo kulibe mfundo ngakhale imodzi. Mphete igwidwe pamalo pace ndi kacidutswa ka tepi, nsonga ya phazi iri poyera. Mmisiri ayambire pa ndodo yeni-yeni, ngati theka la sentimita asanafike pa phazi, kulunjika ku mphete. Asayambire ku mphete kutsika, cifukwa ulusi wotsika kamtunda umaterereka. Azunguze ulusi kamodzi, naupingase pamwamba pa mcira wace womwe, ndipo atembenuze ndodo ndi zala kuti mizere yotsatira ipondereze mcirawo. Ikakwana mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, mcira wagwidwa, adule wotsalawo. Kuyambira pamenepo dzanja silizunguza ulusi ai. Ndodo ndiyo itembenuka, ulusi nubwera wokha kucokera m'buku, wopendekera pang'ono kumbuyo kuti mzere watsopano ugone mothinana ndi mnzace. Amisiri okulunga waya wa mkuwa m'mamota adzaona kuti nchitoyi aidziwa kale. Mzere usakwere pa unzace, ndipo pasakhale mpata woonetsa ndodo. Mpata ukaoneka, aukankhe ndi cikhadabo nthawi yomweyo. Mzere ukakwera pa unzace, abweze ndodo m'mbuyo, namasule, nayambirenso pamenepo. Ulusi ukakwera phazi nuligwira, tepi icotsedwe.

Matsiriziro ndiwo amadabwitsa oona koyamba. Kukatsala mizere isanu ndi itatu kuti afike pa mwendo wa mphete, mmisiri atenge kaulusi kena kolimba, akapinde pawiri, nakagoneke pa ndodo, diso lace litaloza kumene ulusi ukupita, micira yace iri m'mbuyo. Apitirize kukulunga pamwamba pa kaulusiko kufikira kumapeto. Tsono apondereze mzere wotsiriza ndi cala cacikulu kuti usamasuke, adule ulusi nasiye mcira wotalika ngati cala, aulowetse m'diso lija, nakoke micira iwiri ija. Diso lidzalowa pansi pa mizere likukoka mcira, niliturutsira pakati. Aukoke kuti ukungike, agoneke lezala latsopano pafupi peni-peni, naudule mosamala kuti asakhudze mizere. Pomariza asisite mizere yonse ndi cinthu cosalala, monga cigwiriro ca supuni, ndipo mcira udzabisika. Ngati mphete iri ya mapazi awiri, acite comweco ku phazi linalo.

Anthu a mphamvu ali ndi cizolowezi ca kumanga monga ngati akumanga mtolo wa nkhuni pa njinga. Kumeneko nkulakwa. Ulusi wa nailoni wokungika koposa, mizere makumi-makumi, umafinya ndodo ya mphako, nukanikizira phazi m'khungu lace. Muyeso wabwino ndi uwu: mphete ikamangidwa, isagwedere, koma munthu akaikankha ndi cala cacikulu mwamphamvu isunthe pang'ono. Kusunthako kuli ndi nchito, pakuti mphete zonse zikamangidwa mmisiri ayenera kuika diso ku tsinde monga woombera mfuti, nayang'ane m'mphete kufikira ku nsonga, naziongole imodzi-imodzi kufikira zikhale pa mzere umodzi ndi pokhala cokulungira. Acite zimenezi pa kuwala kwa dzuwa.

Mphete ya ku nsonga siimangidwa ndi ulusi. Iri ndi kapaipi kobvala ndodo, ndipo imamatidwa ndi guluu wosungunuka ndi moto, kuti ikatha icotsedwe mosabvuta, popeza ndiyo imatha msanga koposa zonse. Moto ukhudze guluu ndi citsulo cokha, kwa kamphindi. Nsonga ya ndodo ikapsa yafa. Pa ndodo ya zidutswa ziwiri, kukamwa kwa cidutswa cimene cinzace cimalowamo kumangidwenso ndi ulusi ngati masentimita awiri, kuopa kung'ambika. Ndipo amene amanka ku Zambezi kapena ku nyanja ya Kariba, kumene kuli vundu wopitirira makilogalamu 30 ndi nsomba ija ya mano akuthwa imene Alozi amaicha ngweshi, ayenera kuyamba ayala ulusi pa ndodo yokha, ndi kugoneka phazi pamwamba pa mphasayo, kuti citsulo cisakhudze ndodo. Wa ku Migodi kuno sakomana ndi ngweshi, pakuti m'Kafue kumtunda kwa mathithi a ku Kafue Gorge mulibe; kwa iye ulusi wa pamwamba wokha ukwanira.

Cotsiriza ndico kupaka. Apa pali cinthu cimene ambiri amacimva mobwerera: cogwira mphete ndi ulusi, ndipo copaka nchito yace ndiyo kuchinjiriza ulusiwo ku madzi, ku dzuwa ndi ku miyala. Mamangidwe oipa sakonzeka ndi kupaka kwambiri. Njira yakale ndiyo vanishi: apake mopyapyala ndi kaburashi kapena ndi cala, aleke tsiku lathunthu kuti aume, napakenso, kanai kapena kasanu. Njira ya masiku ano ndiyo utomoni wa epokisi wopangira nchito imeneyi, umene umadza m'mabotolo awiri. Miyeso ya m'mabotolo awiriwo ilingane ndendende, ndipo wanzeru amayesa ndi majekeseni awiri opanda singano. Muyeso ukalakwika utomoni umakhala wonanda masiku onse. Autakase pang'ono-pang'ono mphindi zitatu kuti usacite thobvu. Epokisi uja wouma m'mphindi zisanu, womatira ziwiya zosweka, suyenera pano: umalimba usanalowe mu ulusi. Popaka, aonetsetse kuti utomoni walowa m'timphako tiwiri tija tokhala m'mbali mwa phazi, pakuti m'menemo ndimo madzi amalowera kukayambitsa dzimbiri, ndipo upitirireko pang'ono kumapeto a ulusi kuti utseke pakhomo. Munthu asadabwe kuona kuti ulusi wace wofiira wada. Ulusi wa nailoni ukamwa copaka umasintha maonekedwe, ndipo wofuna kudziwiratu ayambe wayesa pa kamtengo.

Epokisi amayenda ngati uci kufikira atalimba, ndipo ndodo ikangogona amatsikira kunsi nauma ngati dontho. Amisiri a nchito imeneyi ali ndi kamota kotembenuza ndodo pang'ono-pang'ono. Wopanda kamota akhale pafupi ndi bokosi lace, akutembenuza ndodo theka pa mphindi zocepa ziri zonse, pambuyo pace pa mphindi 15, kwa maora awiri kapena atatu. Ndiyo nthawi yabwino yomvera wailesi. M'cipindamo musakhale pfumbi, ndipo usiku nyali ikhale patali, cifukwa tizilombo tobwera ku kuwala timamatirira. Pakapita tsiku limodzi utomoni umakhala wouma pokhudza, koma ndodo isapite ku madzi asanathe masiku awiri kapena atatu.

Nyengo yoyenera nchitoyi iripo kale. Caka ndi caka, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a Zambia kuti nsomba ziswane, ndipo ndodo zimangokhala pa khoma. Cobvuta cokha ndico cakuti imeneyi ndi nyengo ya dzinja, ndipo vanishi amacedwa kuuma mu mpweya wa cinyezi; cotero kupala mapazi ndi kukulunga kucitike madzulo a mvula, koma kupaka kudikire tsiku limene dzuwa laturuka.